Dimba la ku Mufakose, mu Harare, sabata ya 9: mpunga ndauzula

Chimanga cha pa mizere ya kumtunda chamasula, ndipo Loweruka ndinamaliza kubandira. Kumeneko zonse zili bwino.

Kumunsi ndiye kwandipweteka mtima. Paja chaka chino ndinayesa kuwokera mpunga pamene pamadikha madzi, chakufupi ndi mtsinje wa Marimba. Mbewu yake ndi kilombero amene amalume anandibweretsera kuchokera ku Karonga. Lachiwiri, ndikuzula udzu, khasu linafukula magalasi oyera a mababu aatali aja a magetsi, pamodzi ndi mabatire ndi phulusa. Zikuoneka kuti kale anthu ankatayirapo zinyalala n'kumazitentha. Mababu amenewo amakhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chija makorokoza (anthu okumba golide pamanja) amagwirira golide ku Mazowe ndi ku Kadoma, kuno ku Zimbabwe.

Vuto lagona pa madzi odikha. Dothi likamira, mpweya sulowamo, ndiye mabakiteriya ena a m'matope amasandutsa mercury kukhala methylmercury, mtundu woopsa kwambiri umene umawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka za mwana ali m'mimba. Ndiwo unadwalitsa anthu ku Minamata, ku Japan, matenda amene anadziwika mu 1956, ngakhale kumeneko unadzera m'nsomba. Mpunga umauyamwa ndi mizu, umakwera nawo mu phesi, ndipo njere zikamakhwima umakalowa m'kati mwenimweni mwa njere. Kupuntha, kupeta, kutsuka, ngakhale kuphika, sikuuchotsa. Ku Guizhou, ku China, kumene kunali migodi ya mercury, anapeza kuti anthu ankaudya kwambiri kudzera mu mpunga osati nsomba.

Chimanga n'chosiyanako. Chimamera pa dothi lopita mpweya, mercury wambiri amatsalira m'mizu, ndipo wofika mu njere amakhala wochepa. Masamba okha amatha kukoka wina kuchokera mu mpweya, n'chifukwa chake utsi wa zinyalala pafupi ndi munda sindiufunanso.

Agogo a nyumba yoyandikana atandiona ndikuzula anati, "Mwanawe, ukutaya chakudya?" Ndinawagwadira n'kuwafotokozera kuti mdzukulu wawo woyembekezera uja ndi amene ndinalonjeza kumupatsa mpunga woyamba. Sanayankhe, anangondithandiza kutola magalasi, titavala mapepala a pulasitiki m'manja.

Mapesi a mpunga sindiwaika pa manyowa. Mbewu yotsala, pafupifupi makapu 2, ndaifesa m'mabeseni atatu akale ndi dothi la kuseri kwa nyumba. Sabata yamawa ndithira feteleza wobereketsa pa mizere itatu imene ndinabzala mochedwa.