Ku Iten amathamanga mwaulesi, amadya zokhuta

Ndikanapanda kutumidwa ku Eldoret pa za ntchito, ku Iten sindikanapondako. Koma anzanga amene timathamangira limodzi atamva kuti ndikupita ku Kenya, ananenetsa kuti ndikabwerako osafika kumeneko ndisadzawalankhulenso. Motero ntchito itatha ndinakwera matatu, maminibasi a kumeneko, n'kuyenda makilomita pafupifupi 35 pakati pa minda ya chimanga ndi tirigu. Mtengo wake sunafike ma shilling 200. Za panjira palibe chonena, kupatula kuti kondakitala nditamuuza kuti ndikupita kukathamanga sanandiseke, koma maso ake anakaima pamimba panga.

Polowa mu Iten mumadutsa pansi pa chikwangwani chachikulu chopingasa msewu, cholengeza kuti kuno ndi kwawo kwa akatswiri. Tauniyo ndi yaing'ono ngakhale ndiyo likulu la chigawo cha Elgeyo-Marakwet, ndipo yakhala m'mphepete mwenimweni mwa phompho loyang'ana chigwa cha Kerio. Chimene chimakokera anthu kumeneko n'kukwera kwa malowo, mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Pamtunda wotero mpweya ndi wopepuka. Mukaukoka kamodzi, okosijeni wolowa m'mapapo amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi kunyanja. Thupi likaona kuti zavuta, impso zimatulutsa homoni yotchedwa EPO, ndipo zimatulutsa EPO wochuluka, amene amachititsa kuti m'mafupa mupangidwe maselo ofiira a magazi owonjezera. Koma zimenezi zimatenga masabata. Mlendo wongodutsa ngati ine amangolandira wefuwefu yekha, phindu n'kulisiya komweko. Masitepe a panyumba ya alendo okha anandikwanira.

M'mawa kusanache bwino ndinamva mgugu wa mapazi panja. Nditatuluka ndinapeza misewu ya katondo yadzaza magulumagulu a anthu, onse atavala majekete ndi mathalauza, poti kumazizira zedi ngakhale kuli pafupi ndi equator. Panalibe woimba, panalibe wofuula, panalibe wa mahedifoni. Chinandidabwitsa n'chakuti ankathamanga mwaulesi. Anthu a mtundu womwe timauona pa TV ukusiya anzawo ku London ndi ku Berlin ankangokwekwesa mapazi, moti ndinalowa kumbuyo kwa gulu lina n'kumakwanitsa ndithu. Kwa kanthawi ndinadziona kuti nanenso ndine munthu. Kenako msewu unayamba kukwera. Iwo liwiro silinasinthe, ine mtima unafika pakhosi, ndipo ndinakaima pafupi ndi mpanda wa munda wina, manja pamawondo.

Mnyamata amene anali kumapeto kwa gululo anacheuka n'kubwerera. Anali wamtali, miyendo ngati bango.

"Mzee, pole pole," anatero. "Musakhale pansi. Ziyendani, mpweya ubwerera wokha."

Tinayenda mpaka chitunda chitatha. Ndinamuuza kuti azipita asataye anzake, iye n'kungopukusa mutu.

"Tiyeni tiyambenso, Mzee, koma muzindiuza nkhani. Muli ndi ana angati? Wamkulu ali kalasi yanji?"

Ndinkayankha, ndipo ndikangoyamba kudula mawu pakati, iye ankachepetsa liwiro osanena kanthu. Ndikamaliza chiganizo bwinobwino, ankawonjezera pang'ono. Mafunsowo ndiwo anali wotchi yake. Tinadutsa ana opita kusukulu, amayi atanyamula zigubu za mkaka, ng'ombe zikutuluka m'makola, ine ndikufotokoza za ana anga kwa munthu amene sindinkamudziwa n'komwe. Pofika pamsewu wa tala ndinali nditathamanga nthawi yaitali kuposa imene ndimatha kwathu kumene mpweya ndi wokwanira, ndipo mawondo sanadandaule.

Anandifotokozera kuti dzulo lake, Lachiwiri, anali pabwalo la dothi la Kamariny kumene amazungulira mothamangitsana mpaka miyendo kuuma. Lachinayi kuli fartlek, kuthamanga mosinthanasinthana liwiro. Kumapeto kwa sabata kuli mtunda wautali. Masiku otsalawo ndi opumitsa miyendo, ndipo wothamangitsa pa tsiku lopumitsa miyendo anzake amamuona ngati wosadziwa ntchito. Apa ndinaganiza za ife ofuna kuchepetsa thupi. Timagula nsapato Januwale, n'kumathamanga tsiku lililonse mtima uli m'kamwa, poganiza kuti zikapanda kupweteka ndiye kuti mafuta sakusungunuka. Pofika Febuluwale bondo latupa, nsapato zili kuseri kwa chitseko. Minofu ndi mtima zimazolowera msanga, koma mitsempha ya m'mawondo, akakolo ndi mafupa zimachedwa, ndipo ndizo zimayamba kulira munthu akapupuluma.

Kenako anati ndikamwe tiyi kwake. Kachipinda kamodzi ka lendi: matiresi pansi, mbaula pakona, nsapato zakutha zitandandalikidwa pakhomo. Tiyiyo anaphikira limodzi ndi mkaka mumphika, ndipo shuga amene anathiramo sindinayerekeze kuwerenga masipuni ake. Ine amene ndinkazemba shuga miyezi yonseyi ndinamwa makapu osatsutsa, chifukwa kuzizira kunali kutandilowa m'mafupa. Sanandilole kuchoka mpaka chakudya cha masana. Anaphika ugali, nsima ya kumeneko, wolimba woti n'kudula ndi mpeni, masamba a sukuma wiki okazinga ndi anyezi, ndi mursik, mkaka wosasa umene Akalenjin, anthu a kumeneko, amasungira m'chipanda chopakidwa makala m'kati. Nyama panalibe. Ufa wa mapulotini wa m'zitini, umene anzanga amataya nawo ndalama, panalibenso. Koma mulu umene mnyamata woonda uja anadziikira pambale unandichititsa manyazi, chifukwa wanga unali theka.

Ndinamufunsa kuti zimatheka bwanji kudya chonchi n'kukhala opanda mafuta.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mzee, mukafuna mbale yanga, mutengenso makilomita anga."

Makilomita akewo ndi othamanga kawiri pa tsiku. Othamanga marathon apamwamba amapyola makilomita 150 pa sabata, ndipo pakati pa m'mawa ndi madzulo ntchito yawo ndi kugona basi. Ife a m'maofesi masamu athu ndi ena. Pothamanga kilomita imodzi, munthu amawotcha pafupifupi calorie imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wolemera makilogalamu 90 akathamanga makilomita 5 wawotcha ma calorie cha m'ma 450, pamene kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie cha m'ma 7,700. Gawani nokha muone maulendo ake. Ndipo 450 ameneyo amabwerera mosavuta munthu akati adzithokoze ndi zokazinga ndi chakumwa chotsekemera pambuyo pake, poti kuthamanga kumadzutsa njala. Kuthamanga kumalimbitsa mtima, kumathandiza shuga wa m'magazi ndi BP, kumagonetsa bwino, ndipo kumathandiza kuti thupi likatsika lisabwererenso msanga. Koma sikelo imamvera kwambiri zimene zili pambale. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati monga kuyenda ndawala, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikiza masiku osachepera awiri olimbitsa minofu. Zimenezo n'zotheka kwa munthu wa ana ndi bwana. Makilomita 150 ayi.

Ndili pomwepa ndidandauleko za ogulitsa malamba omanga pamimba, tiyi woondetsa ndi zovala za pulasitiki zotulutsa thukuta. Thukuta ndi madzi. Mukamwa kapu ziwiri sikelo imabwerera pomwe inali, ndipo mafuta sachoka pamalo amene mwamangapo lamba. Tiyi wambiri wotereyu amangotsegula m'mimba. Mu Iten monse, mwa anthu amene thupi ndilo munda wawo, sindinaone wothamanga atadzikulunga pulasitiki.

Pondiperekeza tinadutsa pa St Patrick's High School, kumene Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anafika mu 1976 kudzaphunzitsa, n'kukhala mphunzitsi wa othamanga wodziwika padziko lonse. David Rudisha, amene mu 2012 ku London anathamanga mamita 800 mu 1:40.91, anadutsa m'manja mwake. Eliud Kipchoge, katswiri wa marathon, musamufunefune mu Iten, iye kampu yake ili ku Kaptagat. Mayina amenewa aliyense amawatchula, koma ambiri odzaza misewu ija sanakwerepo ndege. Mnyamata wangayu ankayembekezera kuti tsiku lina manijala adzamuone n'kumupezera mpikisano kunja, ndipo lendi amamulipirira achibale. Ndinaona kuti kwa iye kuthamanga si nkhani ya mimba kapena ya zithunzi za pa Facebook. Ndi njira yogulira kamunda ndi ng'ombe. Mwina n'chifukwa chake ena amagwa m'mayesero obaya EPO uja wa m'botolo, ndipo Kenya yaona othamanga ake ambiri akuletsedwa chifukwa cha mankhwala. Nkhaniyi nditaiyamba anangoyang'ana kumbali, nane sindinaipitirize. Ndalama imene ndinafuna kumupatsa anaikana. Analandira masokosi atsopano amene ndinali nawo m'chikwama.

Za kogona: kuli makampu okonzedwa bwino, monga High Altitude Training Centre ya katswiri wothamanga Lornah Kiplagat, okhala ndi jimu ndi chakudya chokonzera othamanga, koma mitengo yake ndi ya alendo a kunja. Ine ndinagona m'kanyumba kotchipa kumene anandilonjeza madzi otentha, ndipo madziwo ndikuwadikirabe. Nthawi imene ndinapitako tiyi wa m'timalesitanti sankapitirira ma shilling 50, ndipo pafupifupi paliponse amalandira M-Pesa, ndalama za pafoni. Masiku oyamba muziyenda chabe, muzimwa madzi ambiri, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena BP kaonaneni kaye ndi dokotala musanakwere phirilo.

Lachinayi m'mawa musaphonye fartlek, koma mukaonere, musalowemo. Anthu mazanamazana amasonkhana pamphambano, mmodzi n'kulengeza dongosolo la tsikulo, mwina mphindi imodzi yothamangitsa ndi imodzi yopumira, kapena ziwiri ndi imodzi, kenako mawotchi onse amalira limodzi. Ine ndinakwera boda boda, kabaza wa njinga yamoto, n'kumawatsata kumbuyo m'fumbi. Patangopita kanthawi anayamba kuthothoka m'modzim'modzi, ena atagwira m'chiuno, ena akubwerera wapansi, anthu oti kwina kulikonse akanapambana mpikisano wa m'tauni. Wa boda bodayo ataona wotchi yanga anakweza mtengo kawiri, ndipo tinakangana mpaka pachikwangwani chija. Gwirizanani mtengo musanakwere. Komanso nsapato zoyera muzisiye kunyumba, katondo wa kumeneko sachoka ndi sopo.