Mmene ndinapezera thandizo maganizo atandichulukira

Nditamaliza maphunziro a kukoleji ndili ndi zaka 23, ndinakhala chaka chathunthu pakhomo pa makolo, ndikulemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Tulo tinathawa, nsima inasiya kukoma, ndipo ndinkangobindikira m'nyumba ngakhale anzanga akabwera kudzandiitana.

Ulendo woyamba kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndinangodandaula kuti mutu ukupweteka ndipo thupi likuphwanya. Anandiyeza malungo, sanawapeze, ndinabwerako ndi panado. Sindiwada, chifukwa chenichenicho ndinachibisa ndine. Ndinakula ndikumva kuti mwamuna salira, komanso ndinkaopa kuti ndikatchula za maganizo anditengera ku Zomba, dzina limene kwathu timangolimva ngati la amisala.

Ulendo wachiwiri anandiperekeza achemwali anga aakulu, amene anandiuza tili pamzere kuti, "Achimwene, lero munene zonse." Ndinauza adokotala kuti ndikuganiza kwambiri, ndiponso kuti masiku ena ndimaona ngati kufa kuli bwino. Sanadzidzimuke. Analemba m'buku langa lakuchipatala zonditumiza kuchipatala chachikulu cha boma lathu, kwa anamwino oona za matenda a maganizo.

Kumeneko anandifunsa mafunso 9 a pa fomu yotchedwa PHQ-9, onse okhudza masabata awiri apitawo: kagonedwe, kadyedwe, kufooka, kudziona wachabechabe. Funso lomaliza linali la maganizo ofuna kudzipha, ndipo pamenepo anafatsa, nandifunsa ngati ndinakonzapo njira. Atamva yankho langa, anapempha achemwali kuti akachotse m'nyumba mankhwala ophera anankafumbwe amene tinkasungira chimanga. Sanandigoneke, ndipo za ku Zomba sizinatchulidwe n'komwe.

Anandipatsa mankhwala a fluoxetine, mbulu umodzi m'mawa uliwonse, nandichenjeza kuti kusintha kumachedwa, nthawi zina mpaka mwezi. Akanapanda kunena zimenezi ndikanawasiya msanga, pakuti sabata yoyamba ndinkangomva nseru popanda phindu looneka. Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali uphungu: tinkasankha vuto limodzi, n'kugwirizana kanthu kakang'ono koti ndichite tisanakumanenso. Kanthu kanga koyamba kanali kuthirira dimba la bambo m'mamawa.

Nditayamba kupeza bwino ndinafuna kusiya mankhwala, koma anamwino anakana, nati ndipitirize kwa miyezi ina 6 kuopa kuti matenda angabwerere. Tsiku lobwererako amalilemba m'buku lomwe lija, ndipo ndalama ya minibasi achemwali amaisunga okha kuti ndisapeze chonamizira.