Sabata imene tinayeza mwaye wa mafuta atatu a ndege

Ndimagwira ntchito mu labotale yoyesera zipinda zoyakira moto za injini za ndege kuno ku Britain, ndipo sabata yathayi tinkayerekeza mwaye wochokera ku mafuta a mitundu itatu: Jet A-1 wamba, mafuta a HEFA amene amapangidwa kuchokera ku mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito ndi mafuta a nyama, komanso mafuta osakaniza awiriwa theka ndi theka. Aliyense amene anawerengapo usiku pa koloboyi akulidziwa vuto lathu, chifukwa mafuta a ndege ndi m'bale wake wa parafini. Lawi lachikasu la koloboyi limawala chifukwa cha tizidutswa ta kaboni totentha, ndipo timene sitinapse ndi tija timadetsa m'mphuno pofika m'mawa. Mu injini zimachitikanso chimodzimodzi paliponse pamene mafuta achuluka kuposa mpweya, kungoti tizidutswa take nthawi zambiri sitifika mananomita 100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), moti diso silingatione koma timalowa mpaka mkati mwa mapapo.

Lolemba lonse linathera pa zida zoyezera. Utsi timautapa ndi kapaipi, timaudutsitsa m'paipi yotenthetsedwa pa madigiri 160, timausakaniza ndi mpweya wouma, kenako umayenda mamita pafupifupi 25 pa madigiri 60 usanafike pa makina owerenga chiwerengero cha tizidutswa ndi kulemera kwake. Kale utsi wa injini ankauyeza poona mmene wadetsera pepala losefera, koma injini zamakono zimasiya pepalalo lili loyera ndithu pamene zikutulutsa tizidutswa tosawerengeka. N'chifukwa chake bungwe la ICAO, loyang'anira za kayendedwe ka ndege padziko lonse, linaika malire a kulemera ndi chiwerengero cha tizidutswati, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2023 pa injini zamphamvu yokankha ndege yoposa makilonyutoni (kN) 26.7.

Lachiwiri tinayatsa Jet A-1, n'kuika kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya molingana ndi magawo anayi amene ICAO imayezera injini: 7, 30, 85 ndi 100 peresenti ya mphamvu yake. Chipinda chathu ndi cha mtundu wa RQL, wofanana ndi wa TALON wa kampani ya Pratt & Whitney. Kutsogolo kwa chipindacho mafuta amachuluka mwadala kuti lawi lisazime, ndipo kumeneko mwaye umapangika wambiri. Pakati pake mpweya umalowa mwamphamvu kudzera m'mabowo a m'mbali, ndipo kumapeto mwaye wambiri uja umapsa usanatuluke. Choncho zimene timayeza potulukira ndi zotsala chabe pa mwaye umene unapangika ndi umene unapsa, ndipo kusintha pang'ono kukula kapena malo a mabowo kumasintha zotsatira kwambiri.

Tsiku lovuta linali Lachitatu. Titayatsa HEFA m'mawa, mwaye unatsika poyerekeza ndi wa Jet A-1 monga tinkayembekezera, kwambiri pa mphamvu yochepa ndipo pang'ono pa mphamvu yonse. Chifukwa chake n'chodziwika. Mu Jet A-1 malamulo amalola mamolekyu a gulu lotchedwa ma aromatics mpaka 25 peresenti ndi naphthalene, amene ndi wa gulu lomwelo, mpaka 3 peresenti, ndipo mamolekyu amenewa ali kale ngati mphete, zimene zimalumikizana mosavuta n'kukhala mwaye. HEFA alibe pafupifupi ma aromatics onse, ndipo haidrojeni wake amapitirira 15 peresenti pamene wa Jet A-1 amakhala pafupi ndi 14; haidrojeni akachuluka m'mafuta, mwaye umachepa. Masana manambala anatsikanso kuposa a m'mawa, ndipo tonse tinasangalala, koma mmisiri wathu wamkulu, bambo amene wakhala pa makinawa zaka zambiri, anakana kuwakhulupirira. Anayenda m'mbali mwa paipi akuyeza kutentha chigawo ndi chigawo mpaka anapeza kuti chotenthetsera chimodzi chafa. Utsi wotentha ukakumana ndi chitsulo chozizira, tizidutswa timakankhidwira kukhoma la paipi n'kumatirira komweko, ndiye makina amawerenga zochepa kuposa zenizeni. Tinataya zonse zimene tinayeza masanawo. Zinandipweteka chifukwa mafuta a HEFA tinali nawo ochepa, koma nambala yonama pa nkhani ya mpweya umene antchito a pabwalo la ndege amapuma tsiku ndi tsiku ikanawononga zambiri kuposa mafuta amene tinataya.

Lachinayi tinabwereza HEFA n'kumaliza ndi mafuta osakaniza, amene mwaye wake unagwera pakati pa awiri aja. Osakanizawa ndiwo amaloledwa m'ndege zonyamula anthu, chifukwa muyezo wa ASTM D7566, umene umatsatiridwa pa mafuta a ndege opangidwa ngati HEFA, umalola HEFA mpaka 50 peresenti ndipo umafuna kuti ma aromatics asachepere 8 peresenti. Ma aromatics omwewo amene amabala mwaye ndiwonso amatupitsa timalabala totseka molumikizira mapaipi a mafuta kuti pasadonthe. Ngakhale ndege ya Virgin Atlantic imene inauluka kuchokera ku London kupita ku New York pa 28 Novembala 2023 yopanda mafuta apansi, inanyamula 88 peresenti ya HEFA ndi 12 peresenti ya ma aromatics opangidwa kuchokera ku shuga wa zomera.

Pa msonkhano wa Lachisanu mnzanga wina ananena kuti zipinda zimene zimasakaniza mafuta ndi mpweya wochuluka moto usanayake, monga TAPS ya mu injini za GEnx ndi LEAP, zathetsa kale nkhani ya mwaye. Ndinavomereza kuti pa mphamvu yaikulu mwaye wake ndi wochepa kwambiri, koma pa mphamvu yochepa zimayaka ndi kalawi kapakati kokha, kamene kali ndi mafuta ochuluka, ndipo pa mphindi pafupifupi 33 zimene ICAO imawerengera ndege ikamatera ndi kunyamuka, 26 ndi za mphamvu yochepayo, ndege ili pansi pafupi ndi anthu. Apo m'pamene mafuta abwino amathandiza kwambiri. Kumwamba amathandizanso, chifukwa madzi oundana amapangika pa tizidutswa ta mwaye n'kukhala mizere yoyera kumbuyo kwa ndege imene imasunga kutentha m'mlengalenga. Mu 2021 bungwe la DLR, lofufuza za ndege ku Germany, linatsatira ndege ya Airbus A350 yoyendera HEFA yekha, n'kupeza kuti tizidutswa ta mwaye tatsika ndi 35 peresenti ndipo ta madzi oundana ndi 56 peresenti poyerekeza ndi Jet A-1.

Komabe lamulo la ku Britain ndi la European Union linangoyambira pa 2 peresenti ya mafuta onga HEFA mu 2025, choncho kwa zaka zambiri injini zidzayakabe ndi Jet A-1, ndipo sitingasiye kukonza chipinda podikira mafuta. Tinagwirizana kuti Lolemba tisinthe kapopera ka mafuta, tiike zoyezera kutentha pa chigawo chilichonse cha paipi, n'kuyambanso ndi Jet A-1 pa 7 peresenti.