Tonde wa K3

Malume anga amagulitsa mbuzi pamsika wa Ngabu, ndipo kope lawo la maakaunti linali litafewa ndi thukuta. Ine, nditangolawako miyezi itatu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndinawauza kuti zamakope n'zachikale, ndiwakonzera pulogalamu.

Ndinalemba kalasi, ndiye kuti kachigawo ka pulogalamu, n'kuitcha Mbuzi. M'kati mwake ndinaikamo ntchito yotchedwa def mtengo(self), yoti izitchula ndalama za mbuzi iliyonse. Patapita sabata malume anati, "Mphwanga, pamsika paja mbuzi ndimazimangirira pa misawu itatu. Makina akowo azindiuzanso kuti yakuti ili pamtengo uti." Usiku womwewo, dzuwa la Okutobala litandiphika bongo tsiku lonse, ndinalemba pansi penipeni def mtengo(self) inanso, yotchula nambala ya msawu. Nachonso Chichewa chathuchi, ndalama ndi chomera dzina limodzi!

Python ndi yaulemu ngati mkamwini wachilendo, siitsutsa. Ukalemba dzina limodzi kawiri m'kalasi imodzi, imangotaya loyambalo mwakachetechete n'kugwira lomalizalo. Ikanakhala Java kapena C#, zinenero zina za mapulogalamu, ikanakaniratu kuyenda, ine n'kupulumuka.

Tsiku la msika kunabwera bambo wina wa butchala amene anatsika ndi kapikapu kuchokera ku Blantyre. Analoza tonde wamkulu, wandevu, uja malume amamunyadira. Malume anandikodola. Ndinatsegula laputopu pang'onopang'ono kuti anthu aone bwino, n'kudina batani.

"Tonde wamkulu: K3."

Ndinadinanso. K3. Mbuzi yaikazi ya pamsawu woyamba inali yotsika kuposa pamenepo, K1 basi.

Bambo uja sanaseke ayi. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa K10 yachitsulo, n'kuiika pa kiyibodi. "Achimwene, mundimasulire atatu a pamtengo womwewu. Chenji mugulire madzi ozizira."

Msika wonse unagwa nacho chiseko, mpaka mayi wogulitsa masawu anakhuthula beseni. Malume anangovula chipewa, n'kusolola kope lonyowa lija m'thumba lakumbuyo. Kani anali nalo nthawi yonseyi.

Madzulo ndinasintha mayina, ina mtengo_wogulitsira, ina mtengo_womangirira. Kenako ndinayendetsa pylint, pulogalamu yofufuza zolakwika mu Python, imene ndikanayendetsa kale, ndipo inali kundilozera mizere ina iwiri yofanana mayina. Pano pulogalamu ikuyenda bwinobwino, koma malume akuti laputopu izikhala kunyumba. Ndikadutsa pamsika, anyamata a kabaza amakuwa, "Bwana K3, ng'ombe lero zili pa bwanji?"