Mapulagi a pa ekizozi

Alamu anga a ku Johannesburg atagula njinga yamoto ya Harley-Davidson yogwiritsidwapo kale ntchito, chinawasowetsa mtendere chinali chakuti njingayo sinkalira mokwanira kuti anthu a mumsewu wawo adziwe kuti mwini wake watuluka. Anaitanitsa mapaipi atsopano a ekizozi, ndipo katoni itafika, ine ndinalengeza pamaso pa achemwali kuti kuitana makaniko n'kutaya ndalama, popeza kumudzi ndinkamasula njinga za kabaza mpaka ndinkadziwa bawuti iliyonse pamene imakhala. Zimenezo zinali zoona, kungoti njinga zonsezo zinali za kabuleta, zopanda kompyuta, zimene zikanyanyala munthu amangozinyengerera ndi sikuludiraiva.

Nditagwada pansi ndi sipanala, ndinapeza kuti paipi iliyonse mwa awiriwo ili ndi kachitsulo kopanidwa m'mbali, kokhala ndi waya kumchira. Alamu anafunsa kuti n'chiyani, ndipo ine ndinayankha mosadodoma kuti ndi mapulagi owonjezera, oti azitentha petulo amene wathawa m'injini asanapse. Anagwedeza mutu mwaulemu, achemwali n'kupita kukandiphikira tiyi.

Tizitsuloto ndinatimasula osayamba ndazula waya pamene walumikizidwa, choncho sipanala ikazungulira, wayanso ankazungulira, mpaka anapotana n'kuyamba kudzipinda yekha. Ndinatisiya tikulendewera pambali pa injini, n'kutipala nsonga ndi sandipepa, kenako n'kutipaka girizi wochuluka kuyambira kumutu mpaka kumchira, chifukwa kwathu chitsulo chilichonse chimayamika girizi.

Vuto linayamba pobwezera. Mabowo a mapaipi atsopanowo anali a mamilimita 18, pamene tizitsulo tanga tinali ta mamilimita 12, moti kalikonse kankangogwera m'bowo n'kumagwedera. Alamu anakumbukira kuti m'katoni munali kapepala ka pulasitiki kokhala ndi tinati tiwiri tochepetsera mabowo, kamene ine ndinali nditakataya kale limodzi ndi pepala la malangizo. Katswiri wa njinga anapezeka wazyolika m'bini ya panja pa geti, miyendo m'mwamba, akufufuza pakati pa makoko a mbatata, uku ana a sukulu akudutsa n'kumapereka moni.

Tinatito titapezeka, ndinamanga zonse. Popeza mabowo awiriwo anali moyandikana, kachitsulo kalikonse ndinakalowetsa pamene waya wake wopotanayo anafika mosavuta. Njinga inalira kamodzi n'kamodzi, mawu ake okhuthala mpaka agalu a m'mipanda yoyandikana anayankha, ndipo alamu anandigwira dzanja nati, "Alamu, inu ndinu makaniko weniweni." Anandikweza kumbuyo kuti anthu aone amene wagwira ntchitoyo.

Injini itatentha, njinga inayamba kutsokomola. Inkathamanga pang'ono, n'kuzengereza, n'kuphulitsa phokoso kumbuyo, ndipo nyali yochenjeza za injini inayaka. Paipi imodzi inkanunkha petulo wosapsa, pamene silinda inayo mwa masilinda awiri a injiniyo inkandiwotcha mwendo. Pa maloboti inazima pakati pa ma taxi, ndipo amene anayendapo mu Johannesburg akudziwa kuti madalaivala amenewo samupatsa munthu mpata woganiza. Alamu anakhalabe pampando, ine n'kumakankha chinjinga cholemera makilogalamu oposa 300, nditavala chisoti chimene chinkandiphimba maso.

Makaniko amene tinamupeza anali bambo wachikulire wofatsa, ndipo anafotokoza zonse akuyang'ana alamu, ngakhale aliyense ankadziwa amene akuuzidwa. Tizitsuloto ndi masensa a okosijeni. Sensa iliyonse imayesa mpweya wa okosijeni umene watsala mu utsi wa silinda yake, n'kutumiza mphamvu ya magetsi yosinthasintha pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt ku kompyuta, imene imawonjezera kapena kuchepetsa petulo kuti pa gawo limodzi la petulo pakhale magawo pafupifupi 14.7 a mpweya. Injini ikadali yozizira kompyuta siimvera masensawo, n'chifukwa chake pakhomo ndinaomberedwa m'manja.

Ine ndinali nditaika sensa yakutsogolo pa paipi yakumbuyo, yakumbuyo pa paipi yakutsogolo. Silinda imodzi ikadandaula kuti petulo wachepa, kompyuta inkawonjezera kwa inzakeyo, ndipo inzakeyo ikati wachuluka, inkachepetsa kwa yodandaula ija, ngati mayi wa mapasa amene akuumiriza phala mwana wokhuta pamene wanjala akulira kumsana. Bamboyo anawonjezera kuti waya amazulidwa sensa isanamasulidwe, kuti iliyonse imaikidwa chizindikiro, ndiponso kuti mankhwala oletsa kugwirana kwa zitsulo amapakidwa pang'ono pa mazinga pokha, chifukwa mkati mwa nsongayo muli kachiwiya kosachedwa kusweka komanso kodana ndi mafuta. Anatola sensa imodzi, n'kuona mikwingwirima ya sandipepa ndi girizi wopserera, n'kufunsa modekha ngati panyumba pali mwana wokonda kusewera ndi zida.

Alamu anayankha kuti alipo, ndipo ndi wa ndevu. Analipira masensa awiri atsopano, kenako anandipatsa foni kuti ndiwafotokozere achemwali ndekha kumene kwapita ndalama zimene tinapulumutsa posaitana makaniko.