Kuphiphiritsa si kusinjirira

Ndikuona kuti ambiri a ife tikusokoneza kuphiphiritsa ndi kusinjirira, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa. Kuphiphiritsa ndiko kunena chinthu mosachitchula mwachindunji, kuti womvera azindikire yekha tanthauzo lake popanda kuchititsidwa manyazi pagulu. Mayi akauza mwana wake kuti dzuwa lapendeka pomwe ntchito isanathe, sakunena za dzuwa ayi, koma akumufulumizitsa mwaulemu. Nkhani za imfa, matenda ndi za m'banja, zomwe sizitchulidwa poyera pakakhala ana, timazinenanso motero, monga pamene timati munthu watisiya. Wosinjirira nayenso satchula dzina, komatu cholinga chake n'kubaya mnzake ndi mawu pamaso pa anthu, kenako n'kukana kuti sankanena iyeyo akafunsidwa.