Dongo, mapesi ndi malambe: zoti ana apange pa tchuthi cha masika

Sukulu zikatsekera tchuthi cha Pasaka, kuno ku Chigwa cha Shire mvula imakhala ikutsazika, mapira akucha, malambe akuuma m'mitengo, ndipo dongo la m'madambo likadali lofewa. Mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje safunika kumugulira choseweretsa nyengo imeneyi. Chimene chimagwetsa ana ulesi n'chakuti aumba ng'ombe lero, mawa aipeza itang'aluka msana, miyendo itathothoka. Makolo anzathu, kusweka kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo mwana akazidziwa sabwerezanso.

Tiyambe ndi dongo. Dothi lakuda la makande, lomwe ladzaza madera a ku Ngabu, limanyenga: likanyowa limamata bwino, koma likamauma limakhwinyata kwambiri. N'chifukwa chake minda ya makande imachita ming'alu ikuluikulu m'chilimwe, ndipo ng'ombe youmbidwa ndi makande okhaokha imang'aluka chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi mchenga wosefa kapena phale la mphika wosweka losinjidwa bwino. Pa makapu atatu a dongo thirani kapu imodzi ya mchenga. Dongo la pachulu nthawi zambiri silifuna mchenga wochuluka chotero, theka la kapu limakwana.

Mwana atole timiyala ndi timizu tonse, awaze madzi pang'onopang'ono, akande mpaka dongo litasiya kukakamira m'manja. Poliyesa, apote kachingwe ka dongo konenepa ngati chala chake, akakulunge pa chala. Kakaduka, mchenga wachuluka kapena madzi achepa. Kakafewa kwambiri n'kumata, madzi achuluka, adikire kaye. Dongo lokandidwa likagona usiku umodzi m'jumbo yomanga limaumbika bwino kuposa la tsiku lomwelo.

Cholakwika chachikulu poumba ng'ombe ndi kupanga miyendo payokha n'kuimata pathupi. Pomatapo ndi pamene imadzathothokera. Mwana atenge chibuma chimodzi chodzaza dzanja, achitalikitse, kenaka atsine miyendo inayi, khosi, nyanga ndi linunda kuchokera m'chibuma chomwecho. Miyendo ikhale yaifupi ndi yonenepa, nyanga zisapitirire kutalika kwa chikhadabo cha munthu wamkulu. Kunsi kwa mimba aboole ndi kamtengo mpaka pakati, kuti m'katimo muume pamodzi ndi kunja. Tsiku lachiwiri, ng'ombe ikalimba koma isanaume, aikhule ndi kamwala kosalala ka kumtsinje kapena kumbuyo kwa supuni. Imayamba kunyezimira pompo, ndipo ana ambiri amakonda ntchito imeneyi kuposa kuumba kwenikweniko.

Dzuwa la kwathu kuno ndi mdani wa dongo laliwisi. Kunja kukauma msanga m'kati mukadali monyowa, chinthu chimang'aluka. Ikani zoumbazo pansi pa nkhokwe kapena m'nyumba pakona, masiku asanu mpaka sabata. Mukaikhudzitsa patsaya n'kumva kuzizira, sinaume.

Kuotcha ndi ntchito ya munthu wamkulu. Yambani mwaziika pafupi ndi moto wophikira kwa ola limodzi, mukuzitembenuza, kuti zitenthe pang'onopang'ono. Kenaka ziyaleni pa ndowe zouma za ng'ombe, vundikirani ndi ndowe zina ndi mapesi, yatsani, muzisiye mpaka phulusa litazizira. Yomwe inali ndi chinyezi m'kati imaphulika, chifukwa madziwo amasanduka nthunzi yosowa potulukira, choncho ana aime patali.

Pa nkhani yokatapa dongo sitinyengerera. Mwana asapite yekha m'mbali mwa Shire kapena ku madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi. Ng'ona zilipo, ndipo madzi odikha otsala ndi mvula amapatsa likodzo. Wamkulu akatapa ndowa imodzi, imakwanira ana a pabwalo lonse.

Phesi la mapira kapena la chimanga lili ndi zipangizo ziwiri: khungu lolimba la kunja, ndi mtima woyera wofewa wa m'kati. Dulani phesi pakati pa mfundo ziwiri, sendani khungulo m'timizere topyapyala. Mtimawo ndiwo matabwa, timizereto ndi misomali. Popanga galimoto, mwana adule zidutswa ziwiri za mtima zotalika masentimita 15 ndi zina zitatu za masentimita 8, azilumikize ngati makwerero pobaya timizere tosongola m'malo onse okumanirana. Pokumanira paliponse pabayidwe timizere tiwiri topingasa, chifukwa kamodzi kokha kamalola chidutswa kuzungulira ndipo galimoto imapindika. Matayala olimba amachokera ku patapata wakutha: jambulani ndi chitsekerero cha botolo, wamkulu adule ndi mpeni. Kamtengo ka matayala kadutse m'kabango kakafupi komangiriridwa kunsi kwa galimoto. Mukakabaya mumtima wa phesi mwachindunji, bowo limakula msanga, matayala n'kumagwedera.

Timizere tikamathyoka popinda, ndiye kuti tauma kwambiri. Tiviikeni m'madzi mphindi 15. Tikafewa timapindika mozungulira, ndipo magalasi a m'maso amatheka mosavuta: mizere iwiri yozungulira, malekezero ake obayidwa m'kachidutswa ka mtima kokhala pamphuno. Phesi lokhala ndi timabowo ndi utuchi m'kati ladyedwa ndi kapuchi, limafumbutuka, litayeni. Khungu la phesi limacheka chala ngati lezala, ndiye mwana wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri apatsidwe losendasenda. Mulu wa mapesi womwe wakhalitsa pansi ugwedezeni kaye ndi ndodo, chifukwa zinkhanira ndi njoka zimabisala momwemo.

Lambe ndi losavuta kupangira choseweretsa cholira mukachigwedeza. Sankhani louma, lomwe mukaligwedeza likumveka m'kati. Ubweya wa pachikamba chake umayabwa, choncho likhuleni ndi mchenga wonyowa mpaka lisalale. Wamkulu aboole kumene kunali phata lake ndi msomali wotentha, akulitse bowo mpaka chala chilowe, n'kukolowola za m'kati ndi waya. Ufawo musataye, ndi wa phala kapena chakumwa. Tsukani nthanga 20 kapena 30, muziyanike tsiku lonse, muzibwezere m'chikamba, n'kutseka bowo ndi kamtengo kokhala chogwirira. Nthanga zonyowa zimachita nkhungu ndipo sizilira. Mukadzaza kwambiri phokoso limafa, nthangazo zizikhala ndi malo odumphira.

Chomatira mapepala kapena nthenga pa zinthu zimenezi chimaphikidwa ndi supuni ziwiri za ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, kutakasa pamoto wochepa mpaka phalalo litayamba kuonekera. Limasasa pakatha masiku awiri m'kutentha kwa kuno, ndiye phikani lochepa. Utoto umapezeka m'makala osinja, dothi lofiira la katondo ndi phulusa loyera, chilichonse chosakaniza ndi kachomatira pang'ono kuti chisasuluke m'manja.

Posungira utoto ndi madzi, gwiritsani ntchito zitini za chakudya kapena zikamba za malambe zong'ambidwa pakati. Mabotolo a mankhwala opopera thonje, omwe amapezeka m'makomo ambiri nyengo ino, asafike m'manja mwa mwana ngakhale atatsukidwa kangati.